Utsi wa pa Chitunda

Msewu wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe subisa matenda a galimoto. Kumunsi, kufupi ndi nyanja, dziko ndi lachidikha, ndipo ngakhale lole yotopa imathamanga bwinobwino. Zinthu zimasintha msewu ukayamba kukhotakhota kukwera ku Mvera mpaka kukafika pa Chezi. Dalaivala amatsitsa giya, injini imayamba kubuula, kumbuyo nkumatuluka chiutsi chakuda bii, moti wa kabaza amene wakanirira m'mbuyo mwake amachita kukokera kolala ya jekete kumphuno. Amayi ogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu sathawanso. Amangotembenuzira nkhope kumbali, utsi ukadutsa nkupitiriza kuitanira malonda.

Ukafunsa anthu a ku Dowa kapena ku Ntchisi chimene galimoto ikufukira chotero, yankho limakhala lalifupi: "Yakula imeneyo." Ndi yankho lachifundo, losaloza munthu chala, koma kawirikawiri si loona. Galimoto zambiri zimene zikufuka utsi m'mapiri amenewa injini zake sizinathe. Zikusowa tinthu ting'onoting'ono, tina totchipa kuposa thanki imodzi ya petulo, ndipo tina tinachita kuchotsedwa dala ndi anthu amene ankaganiza kuti akuthandiza.

Mapiriwo ali nayo mbali yawo pa mlanduwu. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu iliyonse ya mafuta kuti zonse zipse nkutheratu. Tauni ya Salima ili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene pa boma la Dowa ndi la Ntchisi mpopitirira mamita 1,200, ndipo nsonga ya phiri la Ntchisi imadutsa 1,600. Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300. Dalaivala akamva kuti galimoto yafooka amaponda kwambiri, mafuta nkumalowa ambiri pamalo pamene mpweya wachepa. Amene anawerengerapo mayeso pa nyali ya galasi akudziwa chotsatira chake: ukakweza chingwe mopitiriza, kuwala sikuwonjezeka, galasi ndi limene limada. Injini za kabuleta ndi za dizilo zakale, zija za pampu yosayendera kompyuta, sizidziwa kuti zakwera phiri, zimangothira mafuta pa muyezo womwewo wa ku Salima. Zatsopanoko zili ndi masensa oyeza mpweya ndipo zimadzichepetsera zokha mafuta, bola masensawo akhale amoyo.

Mphunzitsi wina wa ku Ntchisi, atapuma ntchito, anaika ndalama zake za penshoni pa Toyota Sienta yochokera ku Japan. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, njira imene zinzake zambiri zimadzera. Si iye yekha amene anasankha chotero. Lipoti la bungwe la UNEP la mu 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zogwirapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zinabwera ku Africa. Kwawo ku Japan galimoto yotere imayezedwa ikatha zaka 3 ili yatsopano, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo utsi ndi chimodzi mwa zimene amayeza. Zambiri zimafika kuno zili bwino ndithu. Chimene chimazisintha ndi fumbi, katundu wopitirira muyezo ndi manja amene amazigwira.

Galimotoyo mphunzitsi uja anaipereka kwa mphwake kuti azinyamula anthu pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Kwa zaka zingapo zonse zinali bwino. Kenaka inayamba kufuka utsi, ndipo ndalama zobwera madzulo zinayamba kuchepa. Mnyamatayo ankati galimoto ikumwa mafuta, koma amalume ake mumtima ankaganiza zina, makamaka poti inali nthawi ya mizere italiitali pa malo omwetsera, pamene lita ya m'chigubu inkagula ndalama zambiri. Sanamunene poyera, koma moni wa m'mawa unafupika, ndipo mlongo wake wa mphunzitsiyo anaziona. Utsi wa galimoto umafika mpaka pamenepo, pa ubale wa anthu odyera mbale imodzi.

Galaja yoyamba imene anapitako inangomvetsera kulira kwa injini nkugamula kuti yatha, ikufunika ovaholo. Mtengo umene anatchula unali wokwanira kumugulitsitsa galimotoyo. Mwamwayi, asanachite chilichonse, mnzake wina anamulozera kwa makaniko wina wa pa Mponela, mnyamata wogwirira ntchito pansi pa mtengo, kuseri kwa mashopu.

Makanikoyo sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso. Utsi umatuluka nthawi yanji, poliza m'mawa, pokwera kapena potsika? Oyilo mumawonjezera pafupipafupi? Madzi a mu radiyeta amachepa? Atamva mayankho anadikira kuti paipi ya ekizozi izizire, anapisamo chala nkuchitulutsa chili bii, koma chouma.

"Mwaona, aphunzitsi? Akanakhala oyilo, chalachi chikanatelera. Uyu ndi petulo amene mwagula ndi ndalama zanu koma sanapse."

Anamasula mapulagi onse anayi nkuwandandalika pa katoni monga mmene amakhalira mu injini. Onse anali ndi mwaye wofanana, wakuda ndi wouma. Apa ndi pamene pali nzeru ya ntchitoyi. Pulagi imodzi yokha ikada, vuto lili pa silinda imeneyo, mwina koyilo yake kapena nozo yake. Zikada zonse mofanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana: mpweya wolowa, kapena uthenga umene kompyuta ikulandira. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yotuwa mofiirira, yonyowa ndi oyilo imaloza ku maring'i kapena ku masilu a mavavu, ndipo yoyera mbee pakati pa zinzake zakuda imasonyeza kuti madzi akulowa mu silinda nkumaitsuka.

Atatsegula bokosi la eyakilina, fumbi lofiira la katondo linachita kuthothoka. Anaikweza kuloza kudzuwa, kuwala osadutsa ngakhale pang'ono, kupatula pakona imodzi pamene panali pong'ambika chifukwa choipopera ndi kompuresa kambirimbiri m'malo mogula ina. Pong'ambikapo ndi pamene fumbi linkadutsira kukamata kawaya kopyapyala ka sensa yoyeza mpweya, imene imakhala patsogolo pang'ono pa paipi yomweyo. Sensa yakuda imanamiza kompyuta. Anaitsuka ndi mankhwala opopera, osaikhudza ndi chala kapena nsanza, nkuisiya kuti iume yokha.

Mphwake uja, amene nthawi yonseyi anangoima chete, ndiye anatchula chinthu chimene palibe anamufunsapo. Kanyali kosonyeza kuti injini idakali yozizira kankachedwa kuzima m'mawa, ndipo mwezi wa June kankayakanso galimoto ikamatsetsereka. Makaniko anamasula pamene paipi ya madzi imalumikizana ndi injini. Munali mopanda kanthu. Thermostat inachotsedwa kalekale, tsiku lina pamene galimotoyo inatenthapo pamsewu.

Chizolowezi chimenechi chafala kwambiri, ndipo chifukwa chake chimamveka chanzeru: ku Japan kumazizira, kuno nkotentha, ndiye kachitsulo kotsekereza madzi nkantchito yanji? Koma ntchito ya thermostat ndi kuthandiza injini kuti ifike msanga pa kutentha kumene inapangidwira, ndipo pa injini za Toyota zoterezi imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82. Ikachoka, madzi amazungulira mu radiyeta nthawi zonse, injini siifunda mokwanira, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo wowonjezera ngati kuti galimoto yangolizidwa kumene. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, maring'i nkumadyeka msanga. Ndiye kuti mankhwala a lero ndi amene amabweretsa ovaholo ya mawa. Komanso amene amati kuno nkotentha sanagonepo ku Ntchisi mwezi wa June kapena July, pamene nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera. Galimoto ikatentha pamsewu, wolakwa nthawi zambiri amakhala radiyeta yotsekeka, fani yakufa, chivindikiro chotha mphamvu kapena pampu ya madzi. Thermostat ikafa imafunika kusintha, osati kutaya.

Chotsala chinali chomvetsa chisoni kwambiri. Potembenuza kiyi, nyali zonse za pa dashibodi zinayaka kupatula ija ya chithunzi cha injini. Wina anaimata tepi yakuda mkati kuti isamavutitse maso. Makaniko analumikiza kachipangizo koyezera pansi pa chiwongolero, foni yake nkuwerenga zimene kompyuta inakhala ikudandaula kwa miyezi: sensa ya okosijeni, imene imakhala pa paipi ya ekizozi nkumauza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa, inali itafa. Pomaliza anayeza kompuresheni ya masilinda onse anayi, ndipo manambala anali oyandikana. Injini imene inagamulidwa kuti yatha inalibe vuto m'kati mwake.

Eyakilina, mapulagi, thermostat, sensa imodzi, oyilo watsopano ndi fyuluta yake. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la mtengo wa ovaholo ija. Patatha masiku ochepa ndalama za madzulo zinabwerera mwakale. Mnyamatayo anangoti, "Ndinkakuuzanitu, amalume," ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chimene mphunzitsiyo amachiganizirabe mpaka pano si ndalama zimene anapulumutsa, koma dongosolo limene mnyamata wa pansi pa mtengo uja anatsata: kufunsa, kuyang'ana, kuyeza, kenaka kugula. Kuyamba ndi chotchipa ndi chosavuta kufikira, kutsiriza ndi chodula. Magalaja ambiri amayambira kumapeto. Si kuti amakaniko onsewo ndi achinyengo. Ambiri anaphunzira ntchito pa injini za kabuleta ndipo palibe anawaphunzitsapo za masensa. Zipangizo zoyezera ndi zodula. Mwini galimoto naye amafika ali pa changu, okwera akudikira, ndipo safuna kulipira munthu amene wangoyang'ana osamasula kanthu. M'mashopu mwadzaza masipeya achinyengo okhala m'mabokosi okongola, moti sensa yatsopano itha kufa mwezi usanathe, makaniko nkutaya chikhulupiriro pa sensa zonse. Komabe munthu woyeza asanamasule ndi woyenera malipiro ake, ndipo eni galimoto akanamvetsa zimenezi, amakaniko otere akanachuluka.

Kwa amene alibe makina, mapiri omwewa amathandiza kuyeza. Chitunda chimaonetsa utsi wakuda. Matsitso ataliatali, monga kuchoka pa Chezi kulowera ku Salima, amaonetsa wabuluu: galimoto ikatsika nthawi yaitali pa giya phazi lili pambali, kenaka nkutulutsa chiutsi chabuluu dalaivala akangopondanso, kawirikawiri ndi masilu a mavavu amene auma nkumalola oyilo kutsikira m'masilinda. Amenewo amasinthika popanda kukhudza mapisitoni. Utsi wabuluu wosalekeza, wochuluka pokoka katundu, ndiwo umaloza ku maring'i, ndipo ngakhale pamenepo ndi bwino kuyamba waona kavavu kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, kotchedwa PCV, chifukwa kakatsekeka kamakankhira oyilo kumene sayenera kupita. Kuthira oyilo wopitirira mzere kumachitanso chimodzimodzi. Utsi woyera wa m'mawa wa June, umene umatha injini ikafunda, ndi nthunzi chabe. Woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, madzi a mu radiyeta nkumachepa popanda podontha, ndi gasiketi.

Malole a dizilo amene amakoka mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, kapena matumba a soya ndi mtedza kuchokera ku Madisi ndi ku Malomo, ali ndi nkhani yawoyawo. Pali amakaniko amene amatsegula sikuluwu ya pampu kuti lole ikhale ndi mphamvu pa chitunda. Mphamvu imawonjezeka pang'ono, utsi umawonjezeka kwambiri, ndipo injini imatentha mopitirira. Manozo otha amathira dizilo ngati madontho m'malo mwa nkhungu yosalala, ndipo njira yodziwira ndi kuwachotsa nkukawayezetsa pa makina ake, osati kungoganizira. Lole imene imafuka utsi woyera wowawa m'maso poliza m'mawa nthawi zambiri yafa mahita. Mafuta a m'zigubu, amene ena amasakaniza ndi palafini kapena amakhala ndi madzi, amapha pampu ndi manozo mwakachetechete. Utsi wa dizilo si wongodetsa malaya. Mu June 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inauika m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amaupuma tsiku lonse si mwini lole, koma oitanira, ogulitsa m'mbali mwa msewu, a kabaza ndi ana oyenda pansi kupita kusukulu.

Mafuta a pa pampu okha asintha kwambiri, ndipo mbali imeneyi ndi yoyamikirika. Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol amathandiza kuchepetsa mpweya wa poizoni wotuluka mu ekizozi. Petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa m'mayiko a kumwera kwa Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006. Kuchoka kwa mtovuko kunali kofunika chifukwa mtovu ndi umene unkapha chipangizo chotchedwa catalytic converter, chimene ambiri amangoti katalisiti.

Katalisiti ndi chibokosi cha pa paipi ya ekizozi chokhala ndi timabowo tambirimbiri topakidwa zitsulo zodula: platinum, palladium ndi rhodium. Chikatentha bwino, pa injini yoyenda pa muyezo wake, chimasandutsa mpweya woipa woposa 90 pa 100 iliyonse kukhala wosapweteka kwambiri. Pa Sienta ya mphunzitsi uja, makaniko atachigogoda chinalira ngati chitini. M'kati munakokoledwa kale. Zimachitika m'njira ziwiri. Injini ikamathira petulo wambiri kwa nthawi yaitali, katalisiti imapsa nkutsekeka, galimoto imafooka, ndipo wokonza amaiboola ndi chitsulo, mphamvu nkubwerera, chimene chinaipha nkutsala chomwecho. Njira ina ndi ya malonda, poti zitsulo zija zili ndi ogula, ndipo mwini galimoto amene anaisiya pa galaja usiku sangadziwe kuti yapepuka. Mphunzitsiyo anafunsa mtengo wa ina yeniyeni, anaumva, nkuvomereza kuti pakali pano sangaufike. Galimoto yake siifukanso utsi wooneka, koma iye akudziwa kuti siinabwerere mmene inalili potsika sitima.

Apa ndi pamene malamulo akanagwira ntchito yaikulu. Mu 2019 boma linakhazikitsa msonkho wa carbon tax pa galimoto, umene pa nthawiyo unkatengera kukula kwa injini. Koma kukula kwa injini sikunena chilichonse za mmene ikupsereza mafuta: Sienta yosamalidwa bwino ndi inzake yopanda thermostat, sensa ndi katalisiti zili ndi injini yofanana ya malita 1.5. Pa rodibuloko maso amapita pa mapepala a COF ndi inshuwalansi, matayala, nyali ndi chiwerengero cha okwera, ndipo zonsezo nzofunika. Makina oyeza mpweya wa mu ekizozi, amene amangofuna kulowetsa kapaipi kumbuyo kwa mphindi zochepa, akanakhala pa malo ngati Mponela, ngakhale pa galaja imodzi yokha imene ena angamatumizeko makasitomala awo, akanathetsa mikangano yambiri pakati pa amakaniko ndi eni galimoto, ndipo akanaonetsa chimene diso silingaone.

Chosaonekacho ndicho choopsa kuposa zonse. Carbon monoxide alibe mtundu kapena fungo, ndipo amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Injini yothira petulo wambiri, yopanda katalisiti, imautulutsa wochuluka zedi. Tsono taganizirani mmene Sienta imanyamulira pa tsiku la msika: chitseko chakumbuyo chili chotsegula theka, chomangidwa ndi linya pamwamba pa matumba a mbatatesi, ana ndi amayi apanikizana pa mpando wotsiriza, magalasi otseka chifukwa cha fumbi kapena chisanu. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira nkukokera utsi m'kati kudzera pa mpata womwewo. Okwera akatsika akudandaula mutu, chizungulire ndi nseru, amanamizira mabampu kapena njala.

Makaniko wa pa Mponela uja, asanabweze kiyi, anagona pansi pa galimoto injini ikulira, nkuyendetsa dzanja m'mbali mwa paipi osaikhudza. Anapeza pamene pankapuma, pa joini ya pansi pa mpando wapakati, nkupawotcherera. Anasinthanso labala wa chitseko chakumbuyo amene anali atang'ambika ndi zingwe.

"Chitseko ichi chizitsekeka, aphunzitsi. Katundu amene akuchiletsa kutsekeka azitsala."

Mphunzitsiyo analisandutsa lamulo, ndipo lamulolo lili ndi mtengo wake. Pa ulendo uliwonse pamatsala thumba limodzi kapena awiri amene kale ankalipiridwa, ndipo amalonda ena a katundu wambiri amadikira Sienta ina imene ingavomere kumanga linya. Mphwake amadandaula kuti anzake pa siteji akumuposa ndalama pa tsiku la msika. Amalume ake anamuchotserako pang'ono pa ndalama imene amayenera kubweretsa madzulo a tsiku lotero, kuti kusiyanako kusagwere mnyamatayo yekha.